Ngozi za kuntchito zimafika mpaka pakhomo: kodi bungwe lanu lili ndi ndondomeko yokutetezani?

Mwana akayamba kusanza, kutuluka thukuta ndi kuchucha dovu, ambirife timathamangira kuganiza za malungo kapena chakudya chimene wadya dzulo. Ndi ochepa amene amakumbukira ovolosi ya bambo ake, imene inabwera kuchokera ku esiteti itanyowa ndi mankhwala opopera mbewu n'kukolekedwa pafupi ndi mphasa ya ana. N'chimodzimodzinso ndi chifuwa chosatha cha amalume amene atha zaka akuphwanya miyala m'mbali mwa msewu, kapena kugontha kwa mnyamata wa pachigayo. Timangoti ndi ukalamba kapena tsoka, mwinanso n'kuloza chala munthu wina pamudzi. Chonsecho ambiri mwa matenda amenewa gwero lake ndi lodziwika: ndi malo omwewo amene munthu amapezerako chakudya cha banja lake.

N'chifukwa chake nkhani ya chitetezo kuntchito ikukhudza inu makolo komanso inu amene mumadzipereka kuthandiza pa zaumoyo m'midzi ndi m'matauni. Lero tione chimene chimatchedwa ndondomeko ya umoyo ndi chitetezo pamalo a ntchito, zimene iyenera kunena, zimene lamulo limafuna, ndi zimene inu mungachite.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amamwalira chaka chilichonse pa zifukwa zokhudza ntchito yawo. Mwa anthuwa, pafupifupi 330,000 amafa pa ngozi zooneka ndi maso monga kugwa pamwamba, kuphwanyidwa ndi makina kapena kugwidwa ndi magetsi. Otsalawo, pafupifupi 2.6 miliyoni, amafa ndi matenda obwera pang'onopang'ono monga a mtima, khansa ndi a m'mapapo. Enanso pafupifupi 395 miliyoni amavulala koma osafa.

Onani bwino ziwerengerozi. Ngozi imene imamveka pawailesi ndi gawo laling'ono chabe. Chimene chimapha anthu ambiri ndi fumbi, utsi, mankhwala ndi kutopa, zimene zimadya munthu mwakachetechete kwa zaka, kufikira tsiku limene sathanso kukwera chitunda popanda kupuma.

Ndondomekoyi ndi chiyani?

Ndi chikalata chimene bungwe kapena kampani imalemba pofotokoza mmene idzatetezere anthu ake kuti asavulale kapena kudwala chifukwa cha ntchito. Ndondomeko yabwino imayankha mafunso atatu.

Loyamba: kodi pano pali zoopsa zanji? Oyang'anira ndi antchito amayendera malo onse pamodzi, kuona chilichonse chimene chingavulaze munthu, amene angavulale ndani, ndiponso kuti vutolo lingakule motani. Antchito eniake sayenera kusiyidwa pa kuyenderaku, pakuti amene amadziwa kuti waya wina amagwira anthu ndi mayi amene amakolopa pamenepo m'mawa uliwonse.

Lachiwiri: ndani ali ndi udindo pa chiyani? Payenera kulembedwa dzina kapena udindo wa munthu amene amaona bokosi la chithandizo choyamba, amene amalandira malipoti a ngozi, amene amaonetsetsa kuti zozimitsira moto zili bwino. Ntchito ya aliyense imasanduka ntchito yopanda mwini.

Lachitatu: zinthu zikavuta tichita chiyani? Wovulala apita naye kuchipatala chiti, pa galimoto ya ndani, adzalipira ndani, ndipo moto ukabuka anthu atulukira khomo liti?

Musaganize kuti izi ndi za mafakitale akuluakulu a ku Makata kapena ku Kanengo okha. Chigayo cha anthu atatu, sukulu ya mkombaphala, mpingo umene ukumanga tchalitchi, gulu la amayi lophika phala la ana asukulu, onsewa ali ndi moto, makwerero, mipeni kapena makina. Tsamba limodzi lolembedwa m'Chichewa, limene aliyense walimva, limaposa buku lalikulu lachingerezi lotsekeredwa m'kabati ya bwana.

Magolovesi amabwera pomaliza

Anthu ambiri akamva za chitetezo amaganiza za chisoti, magolovesi ndi majombo. Akatswiri a nkhaniyi amaika zovalazi kumapeto kwa mndandanda wa njira zisanu, ndipo pali chifukwa chake.

Njira yoyamba, yoposa zonse, ndi kuchotseratu choopsacho. Ngati katundu wolemera angasungidwe pansi, palibe chifukwa chokwezera munthu pamakwerero ogwedera. Yachiwiri ndi kusinthanitsa choopsa ndi china chosaopsa kwambiri, monga kusankha mankhwala a mbewu a ululu wochepa. Yachitatu ndi kutchinga choopsacho kuti chisafikire munthu: kuika chitsulo chophimba lamba wa chigayo, kuthira madzi pamiyala imene ikuphwanyidwa kuti fumbi lisauluke, kutsegula mawindo kuti mpweya uziyenda. Yachinayi ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito, monga kuphunzitsa antchito atsopano, kusinthana pamalo aphokoso, ndi kupuma pamthunzi dzuwa likafika paliwombo m'miyezi ya October ndi November. Yachisanu ndiyo zovala zodzitetezera.

Zovala zili pomaliza chifukwa zimadalira munthu kuti azivale bwino mphindi iliyonse. Golovesi imang'ambika, masiki imatentha ndipo munthu amaitsitsira kuchibwano. Chitsulo chophimba lamba chimateteza aliyense, ngakhale amene watopa kapena waiwala, ngakhalenso mayi wobwera kudzagayitsa amene nsonga ya chitenje chake ikulendewera. Mukaona bungwe limene yankho lake pa vuto lililonse ndi kugawa magolovesi basi, dziwani kuti ladumpha masitepe anayi.

Lamulo likuti chiyani?

Dziko la Malawi lili ndi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la chaka cha 1997, limene limayendetsedwa ndi nthambi ya mu unduna wa zantchito. Lamuloli limapatsa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ndi otetezeka, aukhondo, olowa mpweya, okhala ndi madzi akumwa, zimbudzi ndi zipangizo za chithandizo choyamba. Wantchito nayenso ali ndi udindo wosamala moyo wake ndi wa anzake, ndiponso wogwiritsa ntchito zodzitetezera zimene wapatsidwa.

Lamulo la chipukuta misozi cha antchito la chaka cha 2000 limanena kuti munthu amene wavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito ayenera kulipidwa, ndipo akamwalira, banja lake ndilo limalandira. Lamulo la kalembedwe ka ntchito la chaka chomwecho limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito, osawerengera ovataimu. Limapatsanso mayi tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake kapena maphunziro ake pachiswe.

Palinso lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, limene limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pantchito, monga kapitawo kufuna chibwenzi kuti mtsikana asachotsedwe ganyu. Ndondomeko ya bungwe iyenera kunena komwe wochitiridwa nkhanza angakadandaule popanda kudutsira kwa munthu yemwe wamulakwirayo.

Mu 2019 dziko lino linavomereza mapangano a ILO okhudza chitetezo pantchito, kuphatikizapo pangano nambala 155 la chaka cha 1981. Limodzi mwa mfundo zake ndi lakuti wantchito sayenera kulipira ndalama iliyonse pa zinthu zomuteteza. Choncho kudula malipiro a munthu chifukwa cha majombo kapena chisoti n'kusemphana ndi panganoli. Mu June 2022 bungwe la ILO linaika malo a ntchito otetezeka m'gulu la maufulu akuluakulu a wantchito aliyense, ndipo pa 28 April chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhaniyi.

Zimene zimatsatira kholo kunyumba

Mankhwala ophera tizilombo salowa m'thupi kudzera pakamwa pokha. Amalowa pakhungu komanso popuma, ndipo amakakamira pazovala, pansapato ndi m'tsitsi. Thupi la mwana ndi laling'ono, amakwawa pansi ndipo amaika zala m'kamwa, choncho mlingo umene sungamugwetse munthu wamkulu ungathe kumudwalitsa kwambiri.

Ngati mumapopera mbewu, sambani ndi sopo ndi kusintha zovala musananyamule mwana. Zovala za kuntchito zichapidwe pazokha, m'beseni losiyana ndi la matewera, ndipo mayi woyembekezera asazichape. Kampani yosamala imakhala ndi bafa ndi malo osinthira kuti zovalazo zisachoke n'komwe pamalopo. Onani mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa botolo: wofiira ukusonyeza mankhwala oopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, ndi wobiriwira. Ngakhale wobiriwirawo ndi poizoni ndithu. Botolo likatha, litsukeni katatu, madziwo muthire mumpope wopoperawo, kenako libooleni. Musasungiremo madzi, mchere kapena mafuta ophikira, ndipo musathire mankhwala m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Munthu akayamba kuchucha dovu, kutuluka thukuta lambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kapena kubanika atakhudza mankhwalawa, muvuleni zovala, musambitseni ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Ngati alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Musamusanzitse ndipo musamupatse mkaka. Tengani botolo kapena pepala lake kuti adokotala adziwe mankhwala oyenera kupereka.

Mtovu nawonso umayenda ndi zovala. Amene amaphwanya kapena kukonza mabatire a galimoto amanyamula fumbi lake kupita nalo kunyumba. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo mwanayo amavutika kuphunzira popanda wina kudziwa chifukwa chake. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Ntchito imeneyi isagwiridwe pakhonde pamene ana amasewera.

Fodya wamuwisi ndi ana

M'maboma olima fodya monga Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Rumphi, nthawi yothyola imabwera ndi matenda amene ambiri amawasokoneza ndi malungo. Tsamba la fodya likanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chake chimasungunuka n'kulowa pakhungu la amene akuthyola. Patangopita maola ochepa munthu amachita nseru, kusanza, chizungulire ndi mutu. Nthawi zambiri zimatha pakapita tsiku limodzi kapena masiku angapo, koma kusanzako kumatha madzi m'thupi, makamaka padzuwa.

Kupewa kwake n'kudikira kuti mame aume, kuvala malaya a manja aatali ndi magolovesi osalowa madzi, kusintha zovala zikanyowa, ndi kusamba ndi sopo. Ana amakhudzidwa msanga kuposa akuluakulu. Mwana wothandiza makolo kuthyola kapena kusoka fodya wamuwisi amamwa chikonga ndi khungu lake ngakhale sanasutepo ndudu. Malo ake ndi kusukulu.

Fumbi la miyala ndi phokoso

Mwala ukaphwanyidwa umatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limakafika mkatikati mwa mapapo n'kusiyamo zipsera. Matendawa, otchedwa silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo amapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchitoyo. Amachititsanso kuti munthu adwale chifuwa chachikulu cha TB mosavuta. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga fumbi limeneli. Kuthira madzi pamwala ndi kuvala masiki ya N95 yokwana bwino ndiko kumathandiza. Amayi amene mumaphwanya miyala mwana ali kumbuyo, kumbukirani kuti nayenso akupuma fumbi lomwelo.

Mabanja ambiri kuno akudziwa mbiri ya matendawa kudzera mwa agogo amene anapita kumigodi ya golide ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Teba. Mu 2019 khothi la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni za randi pakati pa makampani asanu ndi limodzi a migodi ndi anthu amene anadwala silicosis kapena TB atagwira ntchito m'migodi yawo kuyambira 1965 mpaka 2019. Ndalamazi zimayendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Zimene tikuphunzirapo n'zakuti chilungamo chinabwera ambiri atamwalira kale, ndipo amene anasunga mapepala awo a ntchito ndi amene ali ndi poyambira.

Za phokoso, akatswiri amati kukhala maola asanu ndi atatu pamalo amene phokoso lafika madesibelo 85 tsiku ndi tsiku kumaononga makutu. Simufunika makina kuti muyeze. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene waima mtunda wa mkono umodzi akumveni, phokosolo lapyola. Makutu oonongeka ndi phokoso sabwereranso, ndipo thonje silikwanira kuwateteza.

Kutopa nakonso ndi choopsa. Kafukufuku wa WHO ndi ILO amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Ganizirani za alonda, oyendetsa minibasi ndi antchito a m'nyumba.

Inu odzipereka pa zaumoyo, akukutetezani ndani?

Kusalandira malipiro sikuchepetsa ngozi. Singano siifunsa ngati munthu ndi namwino kapena volontiya. Musanayambe ntchito ndi bungwe lililonse, funsani mafunso awa: ndikabayidwa ndi singano ndiuze ndani, ndipo ndipite kuti ngakhale Lamlungu? Magolovesi ndi bokosi lotayiramo singano zikatha ndikatenga kuti? Kodi mundipatsa katemera wa matenda a chiwindi a Hepatitis B? Mukandituma pa njinga yamoto, chisoti chilipo? Ndikaopsezedwa pakhomo pa munthu, ndikanene kwa ndani?

Singano yogwiritsa kale ntchito musaibwezere chotsekera chake, pakuti ambiri amabayidwa pochita zimenezi. Iponyeni m'bokosi nthawi yomweyo, ndipo bokosilo litsekedwe likafika magawo atatu mwa anayi. Mukabayidwa, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda, osalifinya kapena kuliyamwa, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mpata wotenga HIV pobayidwa kamodzi ndi singano ya munthu amene ali ndi kachilomboka ndi pafupifupi 3 mwa 1,000. Wa Hepatitis B ndi waukulu kwambiri, ndipo ungafike 30 mwa 100 kwa munthu amene sanabayitse katemera.

Poyendera wodwala amene akutsokomola, khalani naye panja kapena tsegulani mawindo, ndipo makhololo atengedwere pabwalo. Nthawi ya kolera, sungunulani klorini pamalo opita mphepo mutavala magolovesi, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira chifukwa amatulutsa mpweya woopsa.

Ufulu wochoka pamalo oopsa

Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, momwe munali mafakitale osoka zovala, inagwa n'kupha anthu oposa 1,100. Dzulo lake anthu anali ataona ming'alu m'zipupa. Banki ndi mashopu a m'munsi anatseka, koma osoka zovala anauzidwa kuti abwerere kuntchito. Chenjezo linalipo, koma amene anali pangozi analibe mphamvu yokana.

Pangano nambala 155 lija limateteza wantchito amene wachoka pamalo pamene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti moyo wake uli pangozi yaikulu, bola adziwitse womuyang'anira. Tonse tikudziwa kuti ntchito ikusowa ndipo munthu amaopa kuchotsedwa. N'chifukwa chake ufuluwu uyenera kulembedwa m'ndondomeko, ndipo madandaulo aziperekedwa pamodzi kudzera m'komiti ya chitetezo kapena bungwe la antchito. Mutu umodzi susenza denga.

Ngozi zimene zangotsala pang'ono kuchitika nazonso zizinenedwa. Njerwa imene yagwa pafupi ndi phazi lero ndi imene idzagwere pamutu mawa. Bungwe limene limakalipira wonena zoterezi limaphunzitsa anthu ake kubisa.

Wina akavulala kuntchito

Choyamba ndi chithandizo cha kuchipatala, ndipo uzani adokotala momveka kuti ngoziyo yachitikira kuntchito kuti zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Dziwitsani bwana kapena kapitawo tsiku lomwelo, makamaka polemba, ndipo sungani kope lanu. Lembani tsiku, nthawi ndi mayina a amene anaona. Sungani malisiti onse. Kenako pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu osazengereza, chifukwa nkhani zoterezi zili ndi nthawi yake. Musasayine pepala limene simunalimvetse, ngakhale akupatseni ndalama ya m'manja.

Funso limodzi lofunika kuwonjezera

M'chaka cha 1700 dokotala wina wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, anatulutsa buku lofotokoza matenda a anthu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo analangiza madokotala anzake kuti azifunsa wodwala aliyense ntchito imene amagwira. Patha zaka zoposa 300, koma funsoli limaiwalikabe.

Inu amene mumayenda khomo ndi khomo, liwonjezereni pa mafunso anu a masiku onse. Mukapeza munthu amene watsokomola masabata awiri, mufunseni ngati anagwirapo ntchito pamiyala kapena kumigodi, ndipo mutumizeni akayezetse TB, zimene ndi zaulere m'zipatala za boma. Mukapeza mwana akusanza m'nyengo yothyola fodya, funsani kumene anali m'mawa. Inu makolo, mukapita kuntchito mawa funsani kuti ndondomeko ya chitetezo ili pati ndipo muiwerenge. Ngati palibe, uzani anzanu awiri kapena atatu, mupite limodzi kwa oyang'anira mukapemphe kuti ilembedwe. Ndipo madzulo mukafika pakhomo, ana asanakuthamangireni, yambani mwavula ovolosi ndi kusamba.